Scalabrini Centre ku Cape Town: Zomwe Mmalawi Wodwala Kapena Wosowa Pogwira Angapezeko

Mwa mabungwe onse omwe amathandiza anthu obwera mumzinda wa Cape Town, Scalabrini Centre ndi lomwe ndimalozerako anthu kawirikawiri, koma ndi lomwenso Amalawi anzanga ambiri salimvetsa bwino ntchito yake. Ena amapitako poganiza kuti ndi chipatala cha alendo, ena amakhala atamva mphekesera zoti kumeneko amakonza mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo ena amayembekezera kuti abwerako ndi ndalama ya lendi m'thumba. Anthu otere amabwerera ali okhumudwa, ndipo akafika ku Capricorn, ku Dunoon kapena ku Masiphumelele amauza anzawo kuti kumeneko n'kutaya nthawi chabe. Ine ndikuona mosiyana. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuperekeza abale a kumpingo kwathu pa nkhani za matenda ndi mapepala, ndaona kuti phindu la malo amenewa lagona pa zinthu ziwiri: amakuuza mosabisa zomwe malamulo a South Africa akunena pa vuto lako, kaya zikukomere kaya zikuwawe, ndipo ngati wina wakuphera ufulu womwe malamulowo akupatsa, amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Maofesi a bungweli ali mu Commercial Street, m'katikati mwa tauni, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo munthu wotsika sitima kapena minibasi pa siteshoni yaikulu amatha kukafika wapansi. Dzinali ndi la Giovanni Battista Scalabrini, bishopu wa ku Piacenza m'dziko la Italy, yemwe mu 1887 adayambitsa chipani cha ansembe choti chizisamalira anthu a kwawo omwe ankasamukira ku America. Papa Francis adamulengeza kukhala woyera mu Okutobala 2022. Ansembe a chipanichi adayamba kuthandiza anthu othawa kwawo mu Cape Town mu 1994, chaka chomwe dziko lino lidachita chisankho choyamba cha mitundu yonse. Chomwe chimandikhudza pa mbiriyi n'chakuti anthu omwe bishopuyo ankawadera nkhawa sankathawa nkhondo, ankathawa umphawi, monga mmene ambiri a ife tidachokera ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Ngakhale bungweli lidachokera mu Mpingo wa Katolika, amene akufuna thandizo safunika kukhala Mkatolika, ndipo pabenchi yodikirira mumakhala limodzi Asilamu a ku Somalia, Akhristu a ku Congo ndi ku Burundi, komanso anthu a ku Zimbabwe.

Ndiyambe ndi nkhani ya mapepala, chifukwa ndi yomwe imakhumudwitsa Amalawi ambiri, ndipo munthu akapanda kuimvetsa samvetsanso zina zonse. Lamulo loona za othawa kwawo la 1998 limazindikira magulu awiri: munthu amene wapempha chitetezo ndipo nkhani yake ikadali kuunikidwa, yemwe amayenda ndi chiphaso cha gawo 22, ndi munthu amene boma lavomereza kale kuti ndi wothawa kwawo, yemwe ali ndi chiphaso cha gawo 24. Chitetezo chimenechi ndi cha anthu othawa nkhondo kapena chizunzo, ndipo kusowa kwa ntchito, kukwera mtengo kwa feteleza kapena kugwa mphamvu kwa kwacha sizili m'gulu la zifukwa zomwe lamuloli limavomereza. Mmalawi amalowa ku South Africa ndi pasipoti popanda viza n'kupatsidwa masiku 30, ndipo masikuwo akatha osatuluka, amakhala wopanda chilolezo. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho adapatsidwapo ziphaso zapadera zokhalira ndi kugwira ntchito, ndipo anthu a ku Angola omwe kale anali othawa kwawo adapezanso chiphaso chawo, ntchito yomwe a Scalabrini adailimbikira kwambiri, koma Amalawi sadakhalepo ndi dongosolo lotere. Choncho mlangizi wa pa Scalabrini akamva nkhani ya Mmalawi wolima m'maluwa ku Constantia amene masiku ake adatha kalekale, samulonjeza chiphaso, chifukwa chiphaso chimaperekedwa ndi Home Affairs yokha, unduna wa boma woona za ziphaso ndi olowa m'dziko. Amamufotokozera zomwe zilipo, kuphatikizapo zoti kuyambira mu 2014 munthu wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dziko kwa chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, ndipo kwa zaka zisanu ngati wapitiriza kuposa pamenepo.

Yankho lotere silikoma kumva, koma ndimalilemekeza ndikaliyerekeza ndi la madobadoba omwe amayendayenda m'makomboni, kulonjeza chiphaso cha othawa kwawo pa mtengo wa malipiro a mwezi wathunthu. Pepala lomwe amapereka limakhala lachinyengo, ndipo tsiku lomwe lidzagwidwe, mwini wake amayankha mlandu waukulu kuposa wa kungopitiriza masiku. Uphungu wa pa Scalabrini pa nkhani zamalamulo ndi waulere, ndipo munthu amatulukamo akudziwa pomwe waima.

Komwe bungweli limapindulitsa Mmalawi kwenikweni ndi ku nkhani ya chipatala, chifukwa pa nkhani imeneyi malamulo a dziko lino ndi otakasuka kuposa momwe ambiri a ife timaganizira. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko a 1996 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la zaumoyo, ndipo limawonjezera kuti palibe amene ayenera kukanizidwa thandizo pamene moyo wake uli pangozi. Silikunena za nzika zokha, ndipo silikufunsa ngati munthuyo ali ndi chiphaso. Gawo 28 limapatsa mwana aliyense ufulu wolandira chisamaliro cha kuchipatala. Lamulo la zaumoyo la 2003 limapitiriza ponena kuti pa makiliniki ndi zipatala zazing'ono za boma thandizo loyambirira ndi laulere kwa onse omwe sali pa inshulansi ya zaumoyo, komanso kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi salipira. Pamene chigawo cha Gauteng chidayamba kulipiritsa amayi ndi ana obwera, bungwe la SECTION27 lidapita kukhoti, ndipo mu Epulo 2023 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti thandizo laulereli ndi la mayi ndi mwana aliyense posatengera dziko lomwe akuchokera kapena mapepala omwe ali nawo, kupatula amene ali pa inshulansi ndi amene adalowa m'dziko n'cholinga chodzalandira thandizo la kuchipatala basi. Bwalolo lidalamulanso kuti uthenga umenewu upachikidwe m'zipatala za boma kuti aliyense aziuona.

Zonsezi a Scalabrini adazilemba m'timabuku ndi m'zolemba zomwe zili pa intaneti, m'Chingerezi chosavuta, ndipo alangizi awo amazifotokoza pamaso ndi pamaso. Wina akhoza kunena kuti kufotokoza lamulo si thandizo lenileni kwa munthu amene mutu ukumuwawa, koma amene adaonapo mmene mantha amaphera anthu kuno sanganene choncho. Ndikudziwa amayi omwe adafika mwezi wachisanu ndi chitatu asanapiteko ku sikelo, chifukwa adauzidwa ndi anzawo kuti namwino akaona pasipoti yotha masiku amaimbira apolisi ndipo mapeto ake ndi ku Lindela, komwe amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndikudziwanso abambo omwe adakhosomola kwa miyezi, akumwa mankhwala ogula pa sitolo, mpaka chifuwa chachikulu cha TB chidafalikira kwa onse omwe ankagona nawo m'chipinda chimodzi cha malata. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo kuno amene safunsa amalipira ndi thanzi lake pa chinthu chomwe lamulo lidamupatsa kale kwaulere.

Mayi wina wa kumpingo kwathu, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu, adabwezedwa pawindo la kiliniki ina yomwe sindiitchula. Kalaliki adatembenuza pasipoti yake tsamba ndi tsamba, n'kuloza chidindo cha pa Beitbridge ndi cholembera, kenako n'kumuuza kuti sangamutsegulire fayilo mpaka atabweretsa chiphaso chovomerezeka. Mayiyo sadayankhe kanthu, adangopinda pasipoti m'kathumba ka pulasitiki momwe munalinso buku lake la kuchipatala la kumudzi, n'kubwerera kunyumba. Titapita naye ku Scalabrini, mlangizi sadathamangire kudzudzula kalalikiyo. Adafunsa tsiku lomwe zidachitika, nthawi yake, mawu enieni omwe adanenedwa, ndiponso ngati mayiyo ankamva kupweteka kulikonse kapena kutaya magazi, chifukwa zikadakhala choncho nkhani ikadakhala yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo osati yolemba makalata. Atatsimikiza kuti palibe choopsa, adamupatsa kalata yachidule yotchula magawo a malamulo aja, n'kumulangiza kuti akafika akapemphe mwaulemu kuonana ndi mkulu woyang'anira kilinikiyo m'malo mokangana ndi munthu wa pawindo. Mayiyo adachita zomwezo, ndipo fayilo idatsegulidwa tsiku lomwelo. Adapitiriza sikelo pa kiliniki yomweyo mpaka adachira, ndipo anamwino a m'katimo adamusamalira bwino lomwe.

Nkhaniyi ikuonetsa chinthu chomwe ndachiona kangapo, chakuti nthawi zambiri chotchinga sichikhala dokotala kapena namwino, koma munthu woyamba kukumana naye, mlonda wa pageti kapena kalaliki wa pawindo, yemwe mwina sadaphunzitsidwe bwino kapena ali ndi maganizo akeake pa alendo. Kalata yokhala ndi dzina la bungwe lodziwika imasintha mmene munthu wotere amayankhulira, chifukwa amazindikira kuti wodwalayo ali ndi womuyankhulira. Ngati kalata yalephera, alangizi amadziwa njira zodandaulira: kwa akuluakulu a zaumoyo a chigawo cha Western Cape kapena a khonsolo ya mzinda, ku ofesi ya Health Ombud yomwe imamva madandaulo okhudza zipatala, ndi ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la South African Human Rights Commission. Mmalawi payekha, amene amagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ndipo amaopa ofesi iliyonse ya boma, sangayende njira zimenezi.

Pa nkhani ya zipatala zazikulu, monga Groote Schuur ndi Tygerberg, zinthu zimasiyana pang'ono, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Kupatula pa ngozi, munthu safika kumeneko mwa yekha, amayamba wapita ku kiliniki ya kufupi ndi komwe amakhala, ndipo a kumeneko ndi omwe amamutumiza ndi kalata. Thandizo la pa zipatala zazikulu si laulere kwa aliyense, ngakhale kwa eni dziko, koma mtengo wake umayendera ndalama zomwe munthu amapeza. Ndondomeko ya mitengo ya boma imati othawa kwawo, opempha chitetezo, ngakhalenso anthu a m'maiko a SADC omwe alibe mapepala, aziyesedwa mofanana ndi nzika, ndipo Malawi ali mu SADC. Apa ndi pomwe mabilu olakwika amabadwira, chifukwa kalaliki akangolemba munthu ngati mlendo wolipira mtengo wonse, bilu yake imakwera kuposa yomwe akadalipira poyesedwa monga mwa malipiro ake. Munthu amene walandira bilu yotere asaiponye pansi pa matiresi n'kusiya kupita kuchipatala chifukwa cha mantha. Apite nayo kwa alangizi pamodzi ndi umboni wa malipiro ake, kaya ndi kalata ya abwana kaya ndi chikalata cholumbira cholembedwa kupolisi, kuti aone ngati adamuika m'gulu loyenera.

Za mankhwala otalikitsa moyo ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa pali chizolowezi china pakati pathu chomwe chimandidetsa nkhawa. Anthu ambiri omwe adayamba ma ARV kumudzi amadalira m'bale kuti aziwatengera mankhwala ku chipatala cha kwawo n'kumawatumiza pa basi kapena kudzera mwa onyamula katundu. Basi ikachedwa, katundu akagwidwa pachipata cha dziko, kapena m'bale uja akatanganidwa ndi maliro, munthu amakhala masabata osamwa mankhwala, ndipo palibe amene akumuyeza magazi kuti aone ngati kachilombo kakugonja. Chikhalirecho, unduna wa zaumoyo wa South Africa udalamula kale mu 2007 kuti othawa kwawo ndi opempha chitetezo, akhale ndi chiphaso kapena ayi, azilandira ma ARV kwaulere, ndipo pa makiliniki a boma thandizo la HIV ndi TB lili m'gulu la thandizo loyambirira lija. Mankhwala omwe anthu ambiri amamwa m'maiko awiriwa masiku ano ndi a mtundu umodzi, okhala ndi dolutegravir, choncho kusamutsa fayilo si nkhani yovuta. Chofunika ndi kubwera ndi kalata yosamutsira kuchokera ku chipatala cha kumudzi, buku la kuchipatala, kapena ngati zonsezi palibe, botolo lomwe la mankhwala, kuti namwino aone zomwe munthu wakhala akumwa. N'chimodzimodzinso ndi odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. A Scalabrini sapereka mankhwala amenewa, ndipo si ntchito yawo, koma amathandiza munthu kudziwa koyambira ndi chochita ngati wabwezedwa.

Mwana akabadwa pamabuka nkhani ina yomwe makolo ambiri amainyalanyaza mpaka itawavuta. Lamulo limafuna kuti kubadwa kwa mwana kulembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30, ndipo kwa makolo opanda mapepala ovomerezeka zimenezi zimakhala zovuta kwambiri. Bungweli lakhala likulimbana ndi vuto la ana osalembetsedwa kwa zaka zambiri, ndipo malangizo omwe ndimabwereza kwa kholo lililonse ndi akuti lisunge mosamala umboni wa kubadwa womwe chipatala chimapereka pamodzi ndi buku la sikelo la mwana lotchedwa Road to Health, chifukwa nthawi zina zimenezi ndi zokhazo zomwe zimatsimikizira kuti mwanayo adabadwira kuno, tsiku lakuti, kwa mayi wakuti. Kubadwira ku South Africa pakokha sikupangitsa mwana wa alendo kukhala nzika, koma lamulo la unzika limalola mwana wotere kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dziko muno kuyambira pa kubadwa ndipo kubadwa kwake kudalembetsedwa. Kapepala komwe lero kakuoneka kachabechabe kakhoza kudzakhala kofunika kwambiri mwanayo atakula. Pa za sukulu, bwalo lalikulu la ku Makhanda lidagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asakanizidwe malo pa sukulu ya boma chifukwa chosowa chiphaso cha kubadwa kapena chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo alangizi amathandiza makolo omwe mwana wawo wabwezedwa ngakhale chigamulochi chilipo.

Mbiri yaikulu ya Scalabrini idamangidwa m'makhoti. Home Affairs itatseka ofesi yolandirira opempha chitetezo atsopano mu Cape Town mu 2012, zomwe zidachititsa kuti anthu aziyenda ulendo wautali kupita ku Durban, ku Pretoria kapena ku Musina, bungweli lidakasuma. Bwalo la apilo lidagamula mu 2017 kuti ofesiyo itsegulidwenso, koma idatsegulidwa mu 2023, ku Epping. Mu Juni 2020, nthawi ya Covid-19, lidapambana mlandu womwe udalola opempha chitetezo ndi eni ziphaso zapadera kupempha nawo ndalama ya boma ya R350 pamwezi. Mu Disembala 2023 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidagwirizana nalo pothetsa ndime zomwe zinkati munthu amene wachedwa kukonzetsanso chiphaso chake ndi mwezi umodzi ndiye kuti wasiya yekha pempho lake la chitetezo. Izi ndi ntchito zazikulu zomwe zidapulumutsa anthu ambiri, koma powerenga mndandandawu Mmalawi aone zinthu ziwiri. Choyamba, pafupifupi milandu yonseyi ikukhudza anthu omwe ali m'dongosolo la othawa kwawo kapena la ziphaso zapadera, momwe ambiri a ife mulibe, ndipo ndalama ya R350 ija sidafike kwa Mmalawi wopanda mapepala ngakhale kuti nayenso maganyu adamuthera. Chachiwiri, kuyambira pomwe ofesi ija idatsekedwa mpaka pomwe idatsegulidwanso padadutsa zaka zoposa khumi, ndiye kuti kupambana kukhoti ndi kuona kusintha pawindo ndi zinthu zotalikirana.

Nthambi zina za bungweli ndingozitchula mwachidule. Pali nthambi ya chisamaliro yomwe imaona anthu ovutikitsitsa, monga odwala kwambiri, olumala ndi okalamba, n'kuwathandiza kapena kuwatumiza komwe angathandizidwe, koma thumba lake ndi la bungwe lodalira opereka mwaufulu, ndipo ovutika mumzinda uno ndi ochuluka kuposa thumba lililonse lotere. Pali sukulu ya Chingerezi ya akuluakulu, yomwe imapindulitsa kwambiri anthu ochokera m'maiko oyankhula Chifalansa ndi Chipwitikizi, ngakhale ndikudziwa Amalawi angapo, makamaka amayi omwe sukulu adalekezera ku pulayimale, omwe akadapindula nayo akadapanda kuchita manyazi. Pali nthambi yothandiza ofuna ntchito kulemba CV, kufufuza ntchito pa kompyuta ndi kutsimikiziritsa masatifiketi a kunja ku SAQA, bungwe la boma lounika masatifiketi a maphunziro, koma imagwira bwino kwa amene ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Women's Platform imasonkhanitsa amayi kuti aphunzire luso la manja ndi kayendetsedwe ka bizinesi yaing'ono, ndipo Lawrence House ku Woodstock imasunga ana obwera omwe alibe makolo kapena adasiyana nawo.

Zomwe munthu ayenera kuziganizira asananyamuke ndi za mtunda ndi nthawi. Amalawi ambiri amakhala kutali ndi tauni, ndipo kuchoka ku Masiphumelele kapena ku Imizamo Yethu kumafuna ndalama ya mayendedwe yopita ndi yobwerera, kuwonjezera pa tsiku la ganyu lomwe latayika, chifukwa ambiri amalipidwa pa tsiku. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti munthu ayambe waona pa tsamba lawo la pa intaneti kapena pa Facebook kuti adziwe masiku ndi njira zomwe nthambi yomwe akuifuna ikulandirira anthu, alawirire, ndipo atenge pepala lililonse lokhudza nkhani yake: pasipoti ngakhale idatha, khadi la ku kiliniki, mabilu, makalata a sukulu. Amene Chingerezi chimamuvuta apite ndi womasulira amene amamukhulupirira, ndipo pa nkhani za matenda asankhe munthu wosunga chinsinsi, chifukwa tonse tikudziwa mmene nkhani imathamangira m'magulu athu a pa WhatsApp mpaka kukafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Pa ngozi, monga kubaidwa, kugundidwa ndi galimoto kapena matenda a mayi woyembekezera atayamba, palibe chifukwa chodutsira ku ofesi iliyonse. Aimbe 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi, kapena athamangire kuchipatala chapafupi, za mapepala ndi mabilu zidzaoneka pambuyo. Amene wagwiriridwa apite ku Thuthuzela Care Centre, komwe thandizo la kuchipatala, uphungu ndi apolisi zimapezeka pamalo amodzi, ndipo afike pasanathe maola 72 kuti mankhwala oteteza ku HIV agwire ntchito.

Scalabrini si bungwe lokhalo mumzinda uno. Refugee Rights Unit ya pa yunivesite ya Cape Town ili ndi maloya oona nkhani za othawa kwawo. Adonis Musati Project, yomwe idatenga dzina la mnyamata wa ku Zimbabwe amene adamwalira mu 2007 akudikira pamzere wa mapepala mumzinda uno, imathandiza ndi uphungu ndi magulu olimbikitsana. Amene abwana amukaniza malipiro kapena kumuchotsa ntchito mopanda chilungamo apite ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, chifukwa khoti la zantchito lidagamula mu 2008 kuti wantchito wopanda chilolezo ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko. Abale omwe ali ku Johannesburg, ku Pretoria kapena ku Durban angapeze thandizo lofanana ku Lawyers for Human Rights.

Chomwe chikundichititsa kuti ndiziona ntchito ya alangiziwa kukhala yofunika kwambiri tsopano kuposa kale ndi mmene mphepo ikuwombera m'dziko muno. Mu 2022 dziko lonse lidaona kanema wa Phophi Ramathuba, yemwe panthawiyo ankayang'anira zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali chigonere pabedi la m'chipatala kuti alendo akulemetsa zipatala za chigawocho. Mu 2025 magulu olimbana ndi alendo monga Operation Dudula ankaima pa mageti a makiliniki, makamaka ku Gauteng ndi ku KwaZulu-Natal, kufunsa anthu ziphaso ndi kubweza omwe si nzika, mpaka bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidagamula mu Novembala chaka chomwecho kuti anthu wamba alibe mphamvu yofunsa munthu chiphaso kapena kumutsekereza kulowa m'chipatala. Madandaulo a eni dziko akuti mizere ndi yaitali ndipo anamwino ndi ochepa ndi oona, ndipo ife omwe timaima nawo pamizere yomweyo sitingawakane, koma kubweza mayi woyembekezera kapena wodwala TB sikuchepetsa ntchito ya chipatala, kumangoisamutsira ku chipinda cha odwala mwakayakaya komwe mtengo wake ndi wokwera, ndipo TB yosachizidwa imagwira aliyense wokwera naye minibasi.

Palinso lamulo la National Health Insurance, lokhazikitsa inshulansi ya zaumoyo ya boma, lomwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasainira mu Meyi 2024. Lamuloli likunena kuti opempha chitetezo ndi alendo opanda mapepala azidzalandira thandizo la pangozi ndi la matenda omwe boma limafuna kuti azilengezedwa basi, ngakhale kuti ana onse adzapitiriza kulandira thandizo loyambirira. Likuyembekezeka kukhazikitsidwa pang'onopang'ono ndipo mabungwe angapo akulitsutsa m'makhoti, koma likadzayamba kugwira ntchito monga lidalembedwera, zina mwa zomwe ndafotokoza pamwambazi zidzasintha, makamaka kwa akuluakulu odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi omwe alibe mapepala. Choncho amene akuwerenga izi patapita nthawi asadalire zomwe ndalemba zokha, afunse alangizi za momwe malamulo alili pa tsikulo.

Kwa Mmalawi amene akufuna chiphaso chokhalira m'dziko pomwe alibe chifukwa chomwe lamulo limavomereza, kapena amene akufuna ndalama ya lendi ya mwezi uno, Scalabrini ili ndi zochepa zomupatsa, ndipo ndi bwino asawononge tsiku lake la ganyu. Koma mayi amene wabwezedwa ku sikelo, kholo lomwe mwana wake wakanizidwa sukulu kapena alibe umboni wa kubadwa, wodwala amene walandira bilu yosagwirizana ndi malipiro ake, ndiponso munthu amene watsala pang'ono kupereka ndalama kwa dobadoba wa mapepala, onsewa ndimawatumiza ku Commercial Street mosakayika, ndipo ndikakhala ndi mpata ndimawaperekeza.